Kutchera alamu pa firiji ya katemera

Kuno ku Makokola munthu akamva za firiji ya kuchipatala, maganizo ake amathamangira ku kutentha. Sindimudabwa. Mu Okutobala dzuwa la kunyanja limaswa mtengo, ndipo aliyense amafuna firiji izizire mpaka mano kuwawa. Koma ine amene ntchito yanga ndi kuika ndi kutchera zipangizo zoyezera kutentha m'mafiriji a katemera ndi a mu labu, kuyambira ku Monkey Bay mpaka pa boma la Mangochi, chimene chimandisowetsa tulo ndi kuzizira.

Katemera amafuna madigiri 2 mpaka 8, magazi 2 mpaka 6. Kutentha kukawononga katemera, kachizindikiro ka VVM pa botolo kamaulula, kabokosi ka pakati pake kamada. Kuzizira ndiye sikusiya mapazi. Penta, PCV, katemera wa kafumbata, ngakhale wa malungo uja tinayamba kubaya mu 2019, akaundana n'kusungunukanso amaoneka abwinobwino, chonsecho mphamvu yapita. Mayi wayenda mtunda ndi mwana kumbuyo, mwana walira ndi jakisoni, koma chitetezo palibe.

N'chifukwa chake Fridge-tag, kachipangizo kamene mumakapeza m'mafiriji ambiri a katemera, sikaona mbali ziwirizi mofanana. Kutentha kukapitirira madigiri 8, kamaleza mtima maola 10 kasanaonetse alamu. Kukatsika kufika -0.5, ola limodzi lokha basi, pa sikirini pabwera X m'malo mwa chizindikiro chosonyeza kuti zonse zili bwino. Malire amenewa amabwera otcheratu. Changa ndi kukonza tsiku ndi nthawi, kuonetsetsa kuti kakuwerenga mu Celsius osati Fahrenheit, ndi kukapezera pokhala. Kamasunga mbiri ya masiku 30, ndiye tsiku ukalilakwitsa poyamba, mbiri yonseyo ndi bodza.

Ntchito yeniyeni ili pa mafiriji a mu labu, aja ali ndi sikirini kunja ndi kachingwe kolowa m'kati. Apa manambala ndimalowetsa ndekha: HI (malire a kutentha), LO (malire a kuzizira), ndi mphindi zoti alamu idikire isanalire. Nsonga ya kachingweko sindiisiya pamphepo. Ndimaiviika m'kabotolo ka glycol, kenako kabotoloko ndimakaimika pa shelefu yapakati, pakati pa mabokosi, kosakhudza khoma la kumbuyo kumene kumachita ayezi. Mphepo ya m'firiji imasintha munthu akangotsegula chitseko, pamene madzi a m'botolo amasintha pang'onopang'ono, monga amachitira mankhwala enieniwo. Ukaisiya pamphepo, alamu imalira nthawi iliyonse a sisita akatenga kanthu, ndipo pakutha pa sabata yasanduka galu wouwa mwezi: wina amangodina batani loitontholetsa osayang'ana n'komwe, kapena kuizula kumene. Choncho ya HI ndimaipatsa mphindi zodikira. Ya LO ndimaiumira mtima, ilire msanga.

Sikirini ndimaikhoma pamene maso a munthu woimirira afika, kuti owerenga m'mawa ndi madzulo, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, asatsegule chitseko pofuna nambala. Ndisanachoke ndimayesa. Nsonga ija ndimaiviika m'kapu ya ayezi wophwanya wothira madzi pang'ono, iyenera kuonetsa 0 kapena pafupi kwambiri, ndipo LO ilire. Kenako ndimaifumbata m'manja mpaka HI italira. Pamenepo ndimaitana mlonda.

"Bambo, mwaimva? Ikalira chonchi usiku, musaizimitse. Imbani nambala ili pakhomayi."

Ena amaseka kuti mmisiri akuphunzitsa mlonda za madigiri, koma 2 koloko usiku wokhala pafupi ndi firiji ndi iyeyo.

Chondipweteka mutu kwambiri ndi kabatani kotembenuza posintha kuzizira kwa firiji. Magetsi a ESCOM akavuta nyengo yotentha, munthu wamtima wabwino amakapotoza mpaka kumapeto kuti firiji ibwezeretse msanga, n'kuiwala. Juni akafika, mwera ukuomba, usiku kwazizira, firiji ikugwirabe ngati ndi Novembala. Pa chipatala china ndinapeza ma X a kuzizira atandandana pa Fridge-tag masiku angapo, pomwe pa tchati cha pakhoma wina anali kulemba 5 tsiku lililonse ndi cholembera chimodzimodzi, m'mawa ndi madzulo.

Zikatero timachita shake test. Botolo limodzi la gulu la katemera wokayikitsayo timaliumitsa dala mpaka gwa, lisungunuke, kenako timaligwedeza pamodzi ndi lokayikitsalo n'kuwaimika pawindo pali kuwala. Loumitsidwa dala limadikha msanga, zoyera zimatsikira pansi, pamwamba n'kuyera mbee. Lokayikitsa likatsalira m'mbuyo, lidakali lotuwa, katemera ndi wabwino. Likadikha liwiro limodzi ndi linzakelo, gulu lonse timalichotsa m'firiji, timalemba lipoti lopita ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo kotembenuza kaja ndimakabwezera m'malo mwake n'kukamata ndi tepi.