Ndani Adzakhala Elizabeti?

Caka ciliconse tikamakonza sewero la Khirisimasi pa parishi pathu, mkangano umakhala umodzimodzi: atsikana onse afuna kukhala Maria, ndipo palibe wofuna kukhala Elizabeti, mayi wokalamba uja. Caka cino maere a Elizabeti anagwera mwana wathu, ndipo anabwera kunyumba misozi ili m'masaya. Pofuna kumutonthoza, tinamusimbira za Mayi Margaret Rutherford.

Mayi amenewa anabadwira ku London mu 1892. Amayi awo anadzipha iwo ali kamwana, ndipo atate awo anakhala zaka zambiri m'cipatala ca odwala misala. Anawalera ndi mbale wa amayi awo. Atakula anayamba nchito yophunzitsa kuliza piyano, koma mtima wawo unali pa masewero. Analowa m'gulu la masewero la Old Vic mu 1925, ali kale ndi zaka 33.

Nkhope yawo sinali ija imene okonza mafilimu amafunira namwali wapatsogolo. Ankapatsidwa malo a agogo, aphunzitsi ndi amayi a khalidwe loseketsa. Malo amenewa sanawanyoze. Anawagwira ndi manja awiri. Mu 1941 anasewera ngati Madame Arcati, mayi woitana mizimu woyenda panjinga, m'sewero la Noël Coward la Blithe Spirit, ndipo anabwerezanso mbaliyo m'filimu ya mu 1945. Kuyambira 1961 mpaka 1964 anali Miss Marple m'mafilimu anayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphotho ya Oscar anailandira mu 1964, ali ndi zaka 71, cifukwa ca mbali yothandizira cabe m'filimu ya The V.I.P.s.

Komabe cimene cimatikhudza koposa ife makolo ndi banja lawo. Anakwatiwa ndi Stringer Davis mu 1945. Mayi woseketsa anthuyu ankadwaladwala matenda a kukhumudwa, ndipo potsiriza anagwidwa ndi nthenda yoiwala ya Alzheimer. Amuna awo anawadwazika mpaka imfa yawo mu 1972, ndipo iwonso anatsatira caka cotsatira. Naonso a Davis anasankha malo othandizira, osati m'sewero mokha.

Mwana wathu anamvetsera ali cete. Kenaka tinamukumbutsa kuti m'Uthenga Wabwino wa Luka, Maria ataimva nkhani ya mngelo, anathamangira kwa Elizabeti yemweyo. M'mawa mwake anapita kwa agogo ake kukabwereka duku ndi ndodo.