Chirundu cha malume chinalowa m'nambala

Malume anga ankapeza chirundu chawo ndi maso okha. Tikanyamuka ku Chembe m'mamawa, iwo ankakhala kumbuyo kwa bwato, nkhope ili kumtunda. "Palasa, mphwanga. Palasabe. Basi, tula nkhafi." Nsonga ya Domwe ikalunjikana ndi mlambe wina wa pagombe, phiri lina n'kusuzumira kuseri kwa Thumbi, ndiye kuti tili pamwamba pa miyala pomwe utaka umasonkhana. Chinsinsi chimenechi sankauza munthu, ngakhale mlamu wawo. Chinkawagonjetsa ndi utsi wa moto wolusa mu Okutobala, ukaphimba mapiri onse. Masiku amenewo tinkangopalasa mwa mwayi.

Lero mwana wawo ali ndi boti la injini ndi kachipangizo ka GPS kokwana m'dzanja, kamene anabwera nako kuchokera ku Joni. Chirundu chija tsopano ndi mizere iwiri ya manambala m'kope. Kachipangizoka kamamvera masetilaiti a dziko la America omwe amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo kamafuna anayi kuti kadziwe bwino pomwe kali. Mpaka mu Meyi 2000, eni ake ankasokoneza dala mauthengawo moti munthu wamba ankatha kuphonya ndi mamita 100. Masiku ano kamakufikitsa pamalopo utsi ulipo kapena kulibe. Zimenezi sindingatsutse.

Koma kamadwala, ndipo popeza ine ndi amene ndinapitako patali ndi sukulu, amandisandutsa sing'anga wake. Matenda ambiri ngodziwika. Kakakana kuyaka, tsegulani kumbuyo: chinyontho chimabala ndere yoyera pa tizitsulo togunda mabatire awiri aja, mumangopala ndi nsonga ya mpeni. Kakagona miyezi m'sutikesi, musakatukwane. Kaikeni pamtetete kwa mphindi 15 kapena 20 kapezenso masetilaiti ake. Kamuvi kakamazungulirazungulira boti litaima, si ufiti ayi, iko kamadziwa kolowera pokhapokha mukuyenda.

Vuto lomwe linatizunguza mutu ndi la chaka chatha. Msuweni wangayo analembanso manambala a m'kope atafufuta zonse mwangozi. Kachipangizo kakuti tafika, chilimira n'kugwetsa, kutulukamo tinsomba tosakwana ndi ndiwo za banja limodzi. Masiku atatu, mafuta akungopsa. Tinasintha mabatire, tinakazimitsa n'kukayatsanso, osaphula kanthu. Tsiku lachinayi malume, omwe pano maondo anawakana, anati tiwanyamule. Atangoponya maso kumtunda anaseka.

"Mlambe uja uli kuti? Inu mwaima pamchenga."

Madzulo ake ndinafufuza m'kati mwa kachipangizoka mpaka ndinapeza mawu akuti datum. Manambala a m'kope anatengedwa pa muyezo wa WGS 84, koma wina pobinyabinya mabatani anasinthira ku Arc 1950, muyezo wa mapu akale a kuno kwathu. Manambala omwewo, pa miyezo iwiriyi, amaloza malo otalikirana mamita oposa 100. Pa nyanja, amenewo ndi malire a utaka ndi njala.

Ndinabwezera pa WGS 84, tinalembanso manambala. M'mawa mwake kanalira pamalo enieni, Domwe atalunjika bwinobwino ndi mlambe. Malume sanayamikire. Anangofunsa kuti kope lija limagona kuti, ndipo atamva kuti manambalawo msuweni wanga anatumizirako anzake awiri pa WhatsApp, anatembenukira kumadzi osayankhulanso mpaka tinakocheza.