Chilumba chomwe tinangochionera patali

Pa windo la kalasi yomwe ndimaphunzitsira jogalafe pali botolo la mchenga woyera. Amene munali Fomu 3 mu 2024 mukulikumbukira, poti ndinabwera nalo teremu yachiwiri itangoyamba ndipo linayenda desiki ndi desiki, aliyense akulikhutchumula. Ndinakuuzani kuti ndi mchenga wa ku nyanja ya mchere, ndipo pamenepo sindinaname. Inu munaganiza kuti ndi wa pa chilumba cha ku Mozambique chomwe ndinakhala ndikukuimbirani teremu yonse yoyamba, ine ndinangokhala chete. Mchengawo ndinautapa ku Durban, kufupi ndi pomwe amaimika magalimoto. Pa chilumbapo sindinapondepo.

Nkhani inayamba ndi alamu anga, mng'ono wawo wa mayi akunyumba, omwe ndi anamwino ku Durban. Chapakati pa 2023 anatitumizira chithunzi pa WhatsApp: chisitima choyera chachitali ngati nyumba zosanjikizana, m'munsi mwake madzi obiriwira ndi mchenga woti mbuu. Mausiku atatu pa nyanja, kuchokera ku Durban kupita ku Portuguese Island ndi kubwerera, chakudya ndi pogona zonse mumtengo umodzi. Disembala wa chaka chimenecho timakwanitsa zaka 20 tili m'banja. Mayi anali asanaionepo nyanja ya mchere. Ineyo ndinali nditatha zaka pafupifupi zomwezo ndikujambula mivi pa bolodi, kusonyeza ana momwe madzi a m'nyanja ya India amayendera, koma nyanjayo osaidziwa ngakhale fungo lake. Sindinavute kukopa.

Mtengo womwe unali pa chithunzi unali wa zilembo zikuluzikulu. Alamu atapita kukalembetsa, panatulukira zina: msonkho wa padoko, inshulansi, ndi ndalama ya ogwira ntchito m'sitimamo yomwe amawerengera usiku uliwonse pa munthu aliyense. Tinapereka theka mu Ogasiti, tikuti theka linalo tidzamaliza kumapeto kwa Novembala. Aphunzitsi anzanga mukudziwa chomwe chinachitika mwezi umenewo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola yomwe mabanki amagulitsa pafupifupi K1,180 n'kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Malipiro anga sanasunthe. Mayi anati, "Bambo, tingozisiya, ana akufuna fizi mu Januwale." Koma theka loyamba lija silikanabwezedwa, komanso, ndinene zoona, ndinali nditalengeza kale mu sitafu rumu. Ndinapita kukatenga ngongole ku bungwe lathu losungitsa ndi kubwereketsa ndalama.

Za ulendo wa pa basi sinditaya nthawi, ambiri a inu munauyendapo kapena muli ndi m'bale amene anakusimbirani: Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, mzere wa pa Beitbridge usiku, kenako Johannesburg miyendo itatupa. Kuchoka apo basi ina, makilomita pafupifupi 570 mpaka Durban. Tinagona kwa alamu masiku awiri.

Tsiku lokwera, sitima inandidabwitsa ndithu, sindikana. Ine sitima yomwe ndimaidziwa ndi Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, n'kubwera m'zidutswa, n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Ndili mnyamata ndinkaiona ngati phiri. Pambali pa iyi, Ilala ikanaoneka ngati mwana wa mbuzi pambali pa njovu. Nsanjika zoposa khumi, zikepe zokwerera m'mwamba ngati za mu hotela, anthu oposa 2,000. Anatitenga zithunzi, natipatsa aliyense kakhadi komwe kanali kiyi wa chipinda, chiphaso, komanso chikwama cha ndalama, chifukwa m'sitimamo sagula ndi ndalama ya m'manja. Umangopereka khadi, iwo n'kulemba, ngongole udzaiona tsiku lotsika. Mitengo inali m'madola.

Chipinda chathu chinali cha mtengo wotsikitsitsa, cha m'kati, chopanda windo. Pomwe pakanakhala windo anaikapo katani, ukaitsegula umapeza khoma. Mayi anaitsegula, naitseka, nandiyang'ana osanena kanthu. Tikazimitsa magetsi munali mdima wa m'dzenje, osadziwa ngati kwacha kapena kukadali usiku. Ndinadzitonthoza kuti sitinabwerere chipinda, tabwerera chilumba.

Tinanyamuka madzulo, titaphunzitsidwa kavalidwe ka majekete oyandamitsa ndi malo oti tikasonkhane zikavuta. Potuluka pa doko la Durban kunali kokongola, nyimbo zikulira, anthu akubayibitsa mzinda. Titangodutsa khoma lotchinga mafunde, pansi panayamba kuyenda.

Apa mundilole ndibwerere m'kalasi pang'ono. M'mbali mwa gombe limeneli mumadutsa mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas Current, madzi ofunda othamanga kulowera kummwera, umodzi mwa yamphamvu kwambiri pa dziko lonse. Sitima yochoka ku Durban kupita ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 500, imayenda mopikisana nawo. Ndiye mphepo ikachokera kummwera, ikuomba mosemphana ndi madziwo, mafunde amaima njo, ataliatali ndi oyandikana. Zimenezi ndakhala ndikulembetsa notsi chaka ndi chaka, ndipo amene ankasokoneza muvi wa Agulhas ndi wa Benguela ndinkawachotsera malikisi. Usiku umenewo ndinaziphunzira ndi m'mimba. Ndinagona pansi m'kabafa, nditakumbatira chimbudzi. Mayi, omwe ndinkawadera nkhawa kuti sanazolowere madzi, anagona tulo tofa nato, n'kudzuka m'mawa akufunsa ngati tiyi wapsa.

M'mawa tinakwera pamwamba tili ndi zikwama zathu, zipewa, ndi botolo lopanda kanthu lija. Sitima inali itaima pakamwa pa Maputo Bay. Chilumba chinali apo, chooneka bwinobwino: kamzere ka mchenga woyera, timitengo tobiriwira pakati, ndipo pambali pake Inhaca, chilumba chachikulupo chomwe chili ndi midzi komanso malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja amene anatsegulidwa mu 1951 ndipo ali m'manja mwa Eduardo Mondlane University. Ndinali nditawerenga zonsezi. Ndinayamba kuwafotokozera mayi kuti gombe limeneli kale ankalitcha Delagoa Bay, kuti Angerezi ndi Apwitikizi analimbirana mpaka mu 1875 pulezidenti wa France, MacMahon, anagamula kuti ndi la Apwitikizi, ndiponso kuti mzinda wa Maputo unkatchedwa Lourenço Marques mpaka 1976. Iwo anati, "Bambo, tili pa holide."

Chomwe sindinawerenge ndi chakuti pa Portuguese Island palibe doko. Sitima yaikulu imaima kutali, pa madzi akuya, ndipo anthu amawatuta ndi timaboti. Tonse tinali titapatsidwa manambala a magulu. Tinaona ogwira ntchito akutsitsa boti limodzi kuti ayese. Linkakwera pa funde ngati likufuna kulowa pa khomo la sitima, kenako n'kutsika mpaka kubisika. Anayesa mbali ina ya sitima. Tinadikira ola limodzi, awiri. Cha m'ma 10 koloko mawu a kaputeni anamveka pa zokuzira mawu, m'Chingerezi cholemera, kuti chifukwa cha mphepo ndi mafunde sitingatsike, apepesa, ndipo akonza masewero ena pafupi ndi dziwe losambira.

Anthu anachita phokoso. Pa desiki ya madandaulo panali mzere wotalika kuposa wa pa Beitbridge, ndipo inenso ndinaimapo, nditakonzeratu mawu anga ngati ndikukakumana ndi a komiti ya makolo. Mtsikana wa pa desikiyo, waulemu wake, amene ankaoneka kuti mawu amenewa wawanenapo kambirimbiri, anandionetsa ndime ina m'pepala lomwe tinavomereza pogula matikiti. Inati kaputeni ali ndi mphamvu yosintha njira kapena kulumpha malo alionse chifukwa cha nyengo, ndipo kampani sibweza ndalama pa chifukwa chimenecho. Pepalalo alamu anali atanditumizira mu Ogasiti. Linali ndi masamba ambiri a tizilembo ting'onoting'ono, ndipo ndinangoyang'ana tsamba la mtengo. Ine amene mayeso alionse ndimaima kutsogolo n'kumati, "Werengani malangizo onse musanagwire cholembera."

Kaputeni sindimuimba mlandu. Ndinaonapo pa Likoma mwera ukuomba, momwe amayi a ana kumsana amatsikira mu Ilala kulowa m'boti, wina akuwagwira dzanja, boti likuthawa pansi pa mapazi awo. Pamenepo ndi anthu ozolowera nyanja. Kuno kunali agogo a ndodo, ana, ndi anyamata omwe anayamba mowa dzuwa lisanatuluke. Akanatitsitsa, wina akanathyoka mwendo kapena kuposa apo. Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi kagulitsidwe kake. Chithunzi chonse chinali chilumba. Dzina la ulendo linali chilumba. Koma chilumbacho ndiye chinthu chokhacho chomwe sanalonjeze, ndipo amadziwa bwino kuti maulendowa amachitika kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, miyezi yomweyo ya mvula ndi anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Bambo wina wa ku Pietermaritzburg amene ndinaima naye pa mzere anandiuza akuseka kuti aka kanali kachitatu kukwera, ndipo anatsikapo kamodzi. Iye sanadandaule kwenikweni, kwawo ndi ulendo wa ola limodzi pa galimoto. Ife tinadutsa zipata za mayiko atatu.

Otsalawo anali masiku awiri ozungulira pa madzi. Chakudya chinalipo chambiri, ndisanamizire anthu: nyama, nsomba, mpunga, makeke, pitsa mpaka usiku. Koma anthu onse omwe akanakhala pa mchenga anali m'sitima, ndiye paliponse panali mzere, pa chakudya, pa zikepe, ngakhale pa mipando ya padzuwa yomwe anzathu ankaisungira ndi matawulo kuyambira m'mamawa. Madzi a pa mpopi wa m'chipinda chodyera, tiyi ndi khofi zinali zaulere. China chilichonse cha m'botolo chinali cha pa khadi. Tsiku loyamba ndinaitanitsa zoziziritsa kukhosi ziwiri mwaufumu, kenako nditakhala pansi n'kuwerengera m'makwacha, ndinapeza kuti kwathu ndikanagula kireti yosachepera theka. Kuyambira pamenepo tinasanduka anthu okonda tiyi. Wojambula ankatitsatira paliponse, zithunzi n'kuzipachika pa khoma kuti tigule. Chathu tinakachiona katatu, osachigula. Malo amene sankatseka msanga anali a juga ndi mashopu. Ndinafika poganiza kuti tikiti yotchipa ija ndi nyambo chabe, mbedza ili m'kati. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu yemwe ndinacheza naye kwambiri anali mnyamata wa ku Philippines wokonza chipinda chathu. Ataona momwe ndinalili, anandibweretsera maapozi obiriwira ndi mabisiketi ouma, nati ndizikhala pamwamba, chapakati pa sitima, ndikuyang'ana pomwe nyanja yakumana ndi thambo. Zinathandiza kuposa mapiritsi. Anandiuza kuti amakhala m'sitima miyezi yambiri osapita kwawo, akugwira ntchito tsiku lililonse, ndipo ana ake amawaona pa foni. Ndalama ya ogwira ntchito ija, yomwe ndinaidandaula kwambiri mu Ogasiti, ndinasiya kuidandaula.

Chovuta kuchilemba ndi ichi. Usiku womaliza ndinali nditakhala ndwii, ndikuwerengera pa kapepala ndalama zomwe zapita ndi miyezi yomwe adzakhale akundidula. Mayi anavala diresi yomwe anasoketsa ku Limbe chifukwa cha ulendowu, nati tipite kukaonera magule. Ine ndinayankha kuti palibe choti tisangalalire, tabetsa ndalama. Anakhala pa bedi kanthawi, kenako anati, "Inu munabwerera chilumba choti mukaonetse ana a sukulu. Ine ndinabwera kuti ndikhale masiku atatu osakoleza moto, osatsuka mbale, ndili ndi amuna anga. Ziwirizo ndazipeza. Chachitatucho ndiye chikuvuta." Anatuluka okha. Ndinakhala m'kachipinda kopanda windo kaja mphindi zingapo, n'kuvala jekete, n'kuwatsatira. Magule ake anali a nthenga ndi zonyezimira, osati a msinkhu wathu, koma tinakhala mpaka kumapeto. Titatuluka tinakaima kumbuyo kwa sitima, mphepo itagwa, nyanja ili bata ngati Chiuta watiseka, magetsi a m'gombe la KwaZulu-Natal akuoneka patali.

Titatsika ku Durban ndinapempha alamu kuti atidutsitse ku gombe tisanapite kunyumba. Mayi anavula nsapato, nalowa m'madzi mpaka m'mawondo, nalawa kuti atsimikize za mchere. Ine ndinadzaza botolo langa.

Ngongole ija anandidula miyezi 18. Mu sitafu rumu, amene ankandifunsa ndinkangoti "tinayenda bwino," ndipo aphunzitsi a masamu, omwe anandichenjeza pachiyambi pomwe kuti ndalamazo ndikanagulira malata, sanandiumirize. Chaka chatha mtsikana wina wa Fomu 2 ananyamula botolo lija n'kufunsa, "Sala, kodi pa chilumbapo pamakhala anthu?" Ndinamuyankha kuti ayi, sipakhala anthu, ndipo ndi zoona. Anafunsanso ngati mchenga wake umaotcha kumapazi ngati wa ku Mangochi. Ndinamuuza kuti atsegule tsamba 46, tiyambe phunziro.