Zobwe kapena Zóbuè?

Lero ndabwera kudzaulula cholakwa changa.

Chaka chatha, pa phunziro la Chinyanja, mtsikana wina wa kalasi lachitatu analemba m'kope mwake kuti "Kwathu ndi ku Zobwe." Ine osaganiza ndinatenga cholembera chofiira, n'kukhwatcha dzinalo, n'kulemba pamwamba pake kuti Zóbuè, monga zilili pa chikwangwani cha pamalire. Mwanayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti agogo amalakwitsa?" Ndinasowa chonena.

Madzulo ake ndinakhala pansi n'kumaganizira mayina a kuno ku Tete. Angónia ndi dziko la Angoni. Marávia ndi dziko la Amaravi. Apwitikizi anangowaveka malaya a kalembedwe kawo, koma thupi ndi lathu. Ena ndiye anachita kutilanda. Ulongwe ankatchedwa Vila Coutinho, Lichinga ankatchedwa Vila Cabral, mpaka pamene dziko linapeza ufulu mu 1975 ndipo mayinawo anasinthidwa. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald. Dzina la Blantyre linachokera kumudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira, koma akuluakulu ambiri amatibe ku Kabula.

Mayina a Azungu eniakewo nawonso ndi mawu wamba a makolo awo. England ndi dziko la mtundu wa Angles, chimodzimodzi Angónia wathuyu. Oxford ndi powolokera ng'ombe pamtsinje. Basi! Iwo amawasunga, ife athu tikuwakhwatcha ndi inki yofiira.

M'mawa mwake ndinapepesa kwa mwana uja pamaso pa anzake. Pabolodi ndinagawa mbali ziwiri: kuno kalembedwe ka Chipwitikizi kofunika pa mayeso ndi pa zikalata, uko katchulidwe ka kwathu. Titafika pa Kambulatsitsi, dera la m'boma lathu lomwe lino la Moatize, mnyamata wina anafuula kuti, "Muli tsitsi m'menemo!" Kalasi lonse linaseka, koma kuyambira tsiku limenelo anayamba kutchera khutu ku mayina.

Ntchito yakunyumba inali imodzi: kafunseni agogo chiyambi cha dzina la mudzi wanu. Tisachedwe nazo, chifukwa odziwa nkhanizi akutha.

Nanga inu, dzina la kwanu limatanthauza chiyani? Tiuzeniko m'munsimu, mulembe monga mmene amatchulira agogo anu.