Za Douglas Nicholls, Wampira Amene Sadaiwale Mbumba Yake

Pa 4 Juni 1988 kudamwalira ku dziko la Australia nkhalamba ina ya zaka 81, dzina lake Douglas Nicholls. Anthu a kumeneko amamkumbukira chifukwa cha mpira, ndipo kuyambira chaka cha 2016 adapatula masewera ena a chaka ndi chaka kuti azitchedwa dzina lake. Ife tifuna kukusimbirani mbiri yake, pakuti ngakhale dzikolo liri kutali, kutsidya kwa nyanja ya mchere, zimene zidagwera banja lake si zachilendo kwa ife a kuno ku Kasungu.

Tiyambe tanena za mpirawo, popeza suli ngati wathu. Mpira wake ndi wonga dzira, bwalo lakenso chimodzimodzi. Amasewera anthu 18 mbali iyi, 18 mbali inayo. Amaloledwa kuuwakha ndi manja, kuumenya ndi nkhonya kapena ndi mwendo, ndiponso kugwetsana. Kumapeto kwa bwalo kuli mitengo inai: womenya ndi mwendo pakati pa mitengo iwiri yaitali amapata 6, wophonyera m'mbali amapata 1. Malamulo ake oyamba adalembedwa mu mzinda wa Melbourne chaka cha 1859. Ndi masewera okomera anthu ataliatali ndi amatupi. Koma Douglas msinkhu wake udali masentimita 157 okha.

Iye adabadwa pa 9 Disembala 1906 ku Cummeragunja, m'mphepete mwa mtsinje wa Murray. Adali wa mtundu wa Yorta Yorta, umodzi mwa mitundu ya anthu akuda, eni dziko, amene Azungu adawapeza pofika kumeneko mu 1788. Eni dzikowo atalandidwa nthaka yao, Boma lidawasonkhanitsa m'malo opatulidwa ngati Cummeragunja, pansi pa kapitao woikidwa ndi Boma. Atate ake, a Herbert Nicholls, adali munthu wamaganyu wotsata nyengo ya ntchito. Amai ake adali a Florence, a kubanja la Atkinson. Douglas adali mwana wachisanu. Sukulu ya pamalopo inkalekezera kalasi yachitatu, ndipo maphunziro ake onse adali omwewo.

Tsono mverani chimene chidachitika ali ndi zaka 8. Masiku amenewo Boma lidali ndi mphamvu yochotsa ana a eni dziko m'manja mwa makolo ao popanda mlandu. Tsiku lina apolisi adafika natenga mlongo wake Hilda, namwali wa zaka 16, napita naye ku nyumba ya ku Cootamundra, kumene atsikana otere ankawaphunzitsa ntchito za m'nyumba kuti akatumikire Azungu. Mnyamatayo adaona zonsezi ndi maso ake. Ife Achewa tidziwa kulemera kwake kwa chinthu ichi. Kwathu mwamuna ndiye mwini mbumba: alongo ake ndi ana ao amathawira kwa iye, ndipo munthu sangamtenge mwana wa m'mbumba malume asadamve. Taganizani tsono mwini mbumba wamng'ono chotero, ataima chiriri, wopanda mau kapena mphamvu, mlongo wake akutengedwa. Ife tiyesa kuti moyo wake wonse wapambuyo pake umamveka bwino tikauyang'anira pa tsiku limeneli.

Atakwana zaka 13 adayamba ntchito m'mafamu a nkhosa. Ometa ubweya akaicheka nkhosa mwangozi, iye ankathamanga ndi phula kukapaka pabalapo. Mpira adayamba kudziwika nao ku Tongala, ndipo mu 1927 adapita ku Melbourne kukayesa mwai ku timu ya Carlton. Kumeneko adamnyoza chifukwa cha khungu lake: osamala matupi a osewera adakana kumkhudza, anzake namtaya patali. Sadabwerere kumudzi ndi manyazi ai. Adalowa timu ya Northcote, ndipo mu 1929 adatenga nayo chikho. Adapambananso mipikisano ya liwiro ku Nyah ndi ku Warracknabeal. Pofuna ndalama adayendakonso ndi gulu la ankhonya la Jimmy Sharman, limene linkamanga hema m'matauni.

Mu 1932 adalowa timu ya Fitzroy, ya m'gulu lalikulu la dera la Victoria. Kumenekonso poyamba ankavalira pa yekha pangodya, kufikira katswiri wa timuyo, Haydn Bunton, adadza nakhala pambali pake. Douglas adasewera masewera 54 ku Fitzroy kufikira 1937. Zida zake zidali liwiro ndi kulumpha. Ataliatali aja ankangozindikira mpira wapita. Mu 1935 adasankhidwa m'timu yoimira Victoria yense, woyamba mwa eni dziko kulandira ulemu umenewu. Mabondo atayamba kumvuta adabwerera ku Northcote, naleka kusewera mu 1939.

Pamenepa mpamene mbiri za osewera ambiri zimathera, koma yake idangoyamba kumene. Mu 1932 adabatizidwa mu mpingo wa Churches of Christ, ndipo pambuyo pake adakhala mbusa. M'banja lao mudali mkulu wina wanzeru, William Cooper, amene adamphunzitsa kulankhulira anthu ake pamaso pa Boma. Pa 26 Januwale 1938, pamene Azungu ankakondwerera zaka 150 chifikire m'dzikomo, awiriwa adali pa msonkhano wa eni dziko ku Sydney, umene udalitcha tsikulo tsiku la maliro. Mu 1939 anthu pafupifupi 200 a ku Cummeragunja, atatopa ndi nkhanza za kapitao, adasamuka naoloka mtsinje wa Murray. Eni dziko ambiri adayamba kudzaza m'nyumba zothinana za ku Fitzroy, osauka, opanda ntchito, ena akugwa m'mowa ndi m'milandu. Douglas adakhala pakati pao, natsegula tchalitchi pa mseu wa Gore. Anthu a m'maofesi amene sakadamvera munthu wakuda wina ali yense ankamtsegulira iye chitseko, pakuti adamuonapo akuthamanga ndi mpira. Kutchuka kwake adakusandutsa khasu lolimira anzake.

Za m'nyumba mwake nazonso nzoyenera kuzimva. Mbale wake Howard atafa pa ngozi ya galimoto mu 1942, adasiya mkazi, dzina lake Gladys, ndi ana atatu. Douglas adamkwatira maiyo, nalera anawo pamodzi ndi ake omwe adabadwa pambuyo. Mai Gladys adagwira ntchito yaikulu yosonkhanitsa ndalama zotsegulira nyumba yogonamo atsikana a eni dziko obwera m'tauni, kuti asasochere. Munthu amene adaona mlongo wake akutengedwa adakhala ndi khomo lolandirirapo alongo a anthu ena. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mu 1957 adathandiza kukhazikitsa bungwe la Aborigines Advancement League. Adayenda m'dziko monse kupempha kuti malamulo asinthidwe, ndipo mu 1967 anthu oposa 90 pa 100 ali onse adavomera pa chisankho kuti eni dziko aziwerengedwa pamodzi ndi mtundu wonse. Mu 1972 Mfumukazi ya ku Mangalande idampatsa ulemu wa Sir, ndipo pa 1 Disembala 1976 adakhala Bwanamkubwa wa South Australia. Matenda adamgwira, natula udindowo mu Epulo 1977. Boma la Australia lidapepesa chifukwa cha ana olandidwa aja mu 2008, iye atagona kale zaka 20.

Nanga ife a kuno titolepo chiani? Ife amene timayenda m'midzi ndi m'maesiteti a fodya kukaphunzitsa, timaona anyamata akumenya mpira wa mapepala omanga ndi luzi kuseri kwa zigafa, ena a iwo aluso ndithu. Ambiri ndi ana a mabanja amene adachokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe kudzalima fodya wa eni ake, ndipo chaka chino ali pano, chaka cha mawa ali kwina. Nthawi yothyola ndi yosoka fodya ikafika, mipando ya m'sukulu imakhala yopanda anthu. Lamulo la 2021 lidaletsa utenanti, koma umphawi umene udaubala sudasamuke. Ndipo mabelo akapita ku Chinkhoma, ndalama zikapanda kukwana, kaŵirikaŵiri woyamba kuchoka pakhomo ndi mtsikana. Amabwera munthu wa m'tauni ndi mau okoma, kuti akamlera ndi kumphunzitsa, ndipo mwanayo amakathera m'khitchini, akulera ana a eni ake, buku osaliona. Hilda adatengedwa ndi apolisi, makolo ake akukana. Athuwa palibe wapolisi amawatenga, timawapereka tokha, ndipo malume amakhala chete.

Chifukwa chake tikupemphani, inu amalume ndi inu alongo a atsikanawa: musalole mwana wa m'mbumba mwanu kuchoka musadadziwe kumene apita, dzina la womtenga, ndi sukulu imene akalowe. Akapita, kamuoneni ndi maso anu, osangomva za m'maluwa. Ngati mupeza kuti malonjezo aja adali mphepo, bwerani naye kwao. Douglas pa zaka 8 adalibe mphamvu yoletsera. Inu muli nayo, ndipo mwambo wa makolo ndi lamulo la dziko zonse ziri kumbali yanu.

Inunso anyamata a mpira, sitikuletsani masewera anu, pakuti liwiro ndi mphatso ndithu. Koma kumbukirani kuti munthu uyu mabondo adamthera ali ndi zaka 32, ndipo zaka pafupifupi 50 zotsalazo adakhalira ntchito ina. Mwai ukakufikitsani ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, musasanduke matchona. Dzina limene mwapata likhale mthunzi wa alongo anu ndi ana ao. Douglas adagonapo m'nyumba ya Bwanamkubwa, koma atamwalira adamtengera kwao ku Cummeragunja, namuika pafupi ndi mkazi wake Gladys, m'manda a anthu ake, m'mphepete mwa mtsinje womwe uja.