Ngolo yakale yotutira ndowe

Ndili mwana kwathu ku Manyamula, ntchito imene ndinkadana nayo kwambiri inali yotsekulira ng'ombe m'mawa nthawi ya dzinja. Ukalowa m'khola, miyendo inkatitimira m'ndowe mpaka m'mawondo. Bambo anga, monga Angoni ambiri a kwa M'mbelwa, ankawerengera ulemu wawo pa ng'ombe, koma za ndowezo analibe nazo ntchito. Matope akanyanya, bambo ankangozula mitengo n'kumanga khola lina chapambali, ndipo pamalo akalewo amayi ankabzalapo maungu ndi chimanga chootcha. Zotsalazo mvula inkakokololera kudambo. Munthu akabwera kudzapempha ndowe zomatira lichero, amayi ankamuuza kuti atape mmene angathere, n'kumuthokozanso.

Panalibe chifukwa chovutikira. Bambo anali mu kalabu ya alimi, ankatenga feteleza wa 20:20:0 ndi CAN pangongole, n'kubweza akagulitsa chimanga ku ADMARC. Ngongole zija zitagwa kumayambiriro kwa zipani zambiri, kunabwera timapaketi ta Starter Pack mu 1998, kenaka makuponi a Bingu wa Mutharika mu 2005. Panali zaka zimene thumba la feteleza tinkagula K500. Alangizi akatiitana kukaphunzira manyowa a chimato kapena a m'dzenje tinkapita, tinkawomba m'manja, pobwerera tikufunsana za tsiku la makuponi. Inenso ndinali m'gulu lomwelo.

Ng'ombe nazo zinkatha pang'onopang'ono. Zina zinapita pa malowolo, zina zinafa ndi matenda a nkhupakupa dibi litasiya kugwira ntchito, zina tinagulitsa kuti anyamata apeze thiransipoti ya ku Joni. Ine zinanditsalira zisanu ndi imodzi.

Mu 2020 thumba la feteleza wotsika mtengo wa AIP linali K4,495. Pofika 2022 linali K15,000, kwa amene dzina lake latuluka, ndipo langa silinatuluke. Kusitolo mtengo unali utakwera kale ndi nkhondo ya Russia ndi Ukraine, ndiye mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Chaka chimenecho ndinaima pakhomo pa khola n'kuyang'ana mulu umene ndinaulambalala moyo wanga wonse. Munda wanga uli kutali, ndipo mayi a kunyumba anandiuza mosabisa kuti mitu yawo ndi ya ana si yosenzera ndowe chilimwe chonse.

Mwana wa mlongo wanga amene ali ku Johannesburg atamva, ananditumizira kanema pa WhatsApp. Chimakina chokokedwa ndi thirakitala chinkamwaza manyowa kumbuyo ngati mvula. "Amalume, chogwirapo kale ntchito ndingachipeze motchipa," anatero. Ndinaseka. Maekala atatu a mizere, zitsa paliponse, thirakitala ndilibe. Chinthucho chikanangokhala chogona nkhuku. Chimene ndinkafuna ine chinali ngolo, ndipo yatsopano sindikanaitha.

Ndinaipeza kwa mkulu wina cha ku Embangweni, amene ng'ombe zake zapagoli zinali zitabedwa. Inali pansi pa mtengo wa mango, tayala limodzi litaphwa. Ngolo yakale sagula poyang'ana penti. Ndinapempha anyamata kuti atukule mbali imodzi, ndinagwedeza tayala kuti ndimve ngati mabelingi akusewera, n'kulizungulitsa khutu lili pafupi. Ekiselo inali ya galimoto yakalekale, koma yowongoka bwino. Kenaka ndinatulutsa kampeni n'kumabaya matabwa apansi, chifukwa ndowe zimadya thabwa kuposa chiswe. Pa matabwa awiri kanalowa ngati m'chinangwa chophika.

"Adada, matabwawa atha," ndinatero.

"Mukugula matabwa kapena ekiselo?" anandiyankha, osandiyang'ana n'komwe.

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Ndinasiya ndalama ya mbuzi zinayi, iwo anawonjezerapo goli ndi zikeyi zake. Pa ulendo wachitatu, ngolo itadzaza, belingi lija ndinalimvetsera bwinobwino linaphwanyika pakati pa njira, ndipo ndinakhala masiku awiri ndikusaka lina m'tauni ya Mzimba. Mkuluyo sindimuimba mlandu. Khutu linali langa.

Tsopano kuyambira Julayi ndimatuta. Ndowe zosapsa zimawotcha mbewu ndipo zimabwera ndi njere za udzu, choncho ndimayamba ndaziunjika pamthunzi, kusakaniza ndi mapesi ndi masangwi a mtedza, n'kumatembenuza mpaka zitada, fungo litatha. Kumunda ndimatsitsa timilu timilu, ndipo makina omwazira aja ndi ife tomwe: fosholo, ndowa, ndi manja awiri pa phando lililonse. Ndikagula thumba limodzi la feteleza ndimalichulukitsa mwa njira ya Mbeya, kusakaniza ndi ndowe zopera, madeya, phulusa ndi madzi pang'ono, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Sindinama, chimanga sichithamanga ngati cha Urea weniweni. Koma mvula ikadula milungu iwiri mu Januwale, chigawo cha manyowa ndicho chimachedwa kufota, ndipo kaufiti wachepako.

Chimene sindinachizolowerebe ndi ichi. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wamasiye, mnzawo wa malemu amayi anga, amene kale ankatapa m'khola mwathu osapempha n'komwe. Anagwada chapatali, ndowa ili pambali, n'kumasula mfundo ya pachitenje.

"Ndowe mukuchita bwanji ndowa imodzi?"

Mtengo ndinali nawo, chifukwa ena ndimawagulitsa pa ngolo. Koma pakamwa panauma. Ndinaitana mnyamata kuti amange ng'ombe pagoli akawatulire ngolo imodzi kumunda kwawo, ndipo madzulo ake mayi a kunyumba anandiwerengera mizere ingati ya kwathu imene itsale yopanda kanthu.