Ng'oma Imaona Mapazi

Ku Bulawayo masiku ano, malo ophunzirira masewera omenyana umawadziwa uli patali chifukwa cha nyimbo. Udutse mbandakucha ku Nkulumane, ku Pumula kapena m'tauni mwenimweni, umva sipika ikugunda amapiano, mphunzitsi akukuwa pamwamba pake, ndipo ukasuzumira upeza anthu ali m'mizere, akuponya zibakera m'malere ndi kumenya mateche motsata nyimboyo. Pamene ine ndinkaphunzira karate m'zaka za m'ma 1980, wobwera ndi wailesi akanabwezedwera pakhomo. M'holo munkamveka mapazi opanda nsapato akukhwekhwereza pasimenti, anyamata akupuma wefuwefu, ndi mawu a munthu mmodzi akuwerenga m'Chijapani: ichi, ni, san.

Ndinabadwira ku Sizinda, komboni ya anthu ogwira ntchito panjanji. Bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anapeza anzawo ambiri ochokera kumudzi, mwakuti kumeneko Chinyanja chinkamveka m'misewu ngati Sindebele chomwe. Kwa azibambo athu, masewera a amuna anali nkhonya. Ku Makokoba, bwalo la Stanley Square linkadzaza pakakhala nkhonya, ndipo Terence Ranger, m'buku lake la 2010 lotchedwa Bulawayo Burning, anafotokoza mmene anyamata obwera kudzagwira ntchito mumzinda muno ankakondera masewerawa kuyambira kale m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Ife tinakula tikumva za Langton Tinago ndi Proud Kilimanjaro, ndipo Nokuthula Tshabangu atabwera ndi mendulo yasiliva kuchokera ku Auckland mu 1990, mzinda wonse unanyadira. Malo analipo: khonsolo inkamanga maholo ndi makalabu a achinyamata ndi phindu la mowa wamasese, ndipo Tshaka Youth Centre ya ku Makokoba inasula ankhonya ambiri.

Koma ife ana tinatengeka ndi Bruce Lee. Munthuyo anamwalira mu 1973, koma makanema ake anapitiriza kuzungulira m'maholo a m'makomboni kwa zaka zambiri. Tikatuluka kokaonera, msewu wonse unali mateche okhaokha, ndipo mipini ya matsache inatha m'nyumba zambiri chifukwa choidula pawiri n'kuilumikiza ndi tcheni. Ndi mmene ndinakapezekera ku kakalabu ka karate komwe kankakumana m'holo ya tchalitchi china, pansi pa mphunzitsi yemwe masana ankagwira ntchito kufakitale ku Belmont. Tinkangomutchula kuti Sensei.

Kuwerenga kwa Sensei ndi kumene ndikufuna kufotokoza bwino, chifukwa ndi kumene kwatayika. Sankawerenga mofanana ngati koloko. Ankati "ichi", ife n'kuponda kutsogolo ndi chibakera. Ankati "ni" mwachangu. Kenaka ankangoti zii, n'kuyamba kuyenda pakati pa mizere, ife tili chiimire bondo lakutsogolo litapindika, ntchafu zikunjenjemera. Apa akankhe phazi la wina lomwe laloza kolakwika, apo atsitse phewa lomwe lakwera, wina amugogode pamimba kuti aone ngati yalimba. Akakhutira, "san" ankagwa ngati mphezi, ndipo yemwe maganizo ake anali atapita kwina ankaonekera poyera. Nthawi ya nambala iliyonse inkachokera pa zimene maso ake aona m'matupi athu. Ndikadandaula kunyumba kuti miyezi ikutha tikungobwereza zomwezomwezo, bambo ankayankha kuti, "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kata ndi mndandanda wa mayendedwe omwe umaloweza n'kumachita wekha. Yoyamba yomwe tinaphunzira, Heian Shodan, ili ndi mayendedwe 21, ndipo umakuwa kawiri, pa lachisanu ndi chinayi ndi pa la 17. Ili ndi kayendedwe kakekake. Pena umathamangitsa zibakera ziwiri motsatizana, pena umaima kamphindi kuti uone mdani yemwe kulibe usanatembenuke. Gichin Funakoshi, yemwe anapita ndi karate ku Tokyo kuchokera ku Okinawa mu 1922, ankaphunzitsa kuti m'kata muli mofulumira ndi modekha, molimba ndi mofewa. Zimenezi sizilowa bwino m'nyimbo yogunda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Komabe sindinganene kuti nyimbo ndi mlendo pa nkhani yomenyana, makamaka mumzinda uno. Gulu la zisudzo la Amakhosi, lomwe linatchukitsa Bulawayo kunja, linayamba ngati kalabu ya karate ya anyamata a ku Makokoba yotchedwa Dragons. Mtsogoleri wake, Cont Mhlanga, anakumana ndi maphunziro a zisudzo ku Stanley Hall komweko kumene ankachitira karate, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kulemba masewero oti anyamata akewo azichita. Oyambirira anali odzaza ndi ndewu za m'makanema. Kenaka kunabwera Nansi Le Ndoda mu 1985, Workshop Negative mu 1986, ndi Stitsha mu 1990. Ine ndinaonera ena mwa masewerowa ndili mnyamata, ndipo chomwe chinandigwira mtima chinali matupi a osewerawo. Akamavina, umaona chiuno chotsika cha munthu wa karate, phazi loponda motsimikiza, kudumpha kotera mosapanga phokoso. Ng'oma ndi nyimbo zinalowa m'matupi omwe anali ataphunzira kale kuima, ndipo zinawayenera. Mhlanga anatsegula Amakhosi Township Square Cultural Centre mu 1995, ndipo anamwalira pa 1 Ogasiti 2022. Ndimaona kuti tikamamukumbukira zisudzo zokha timamuchepetsa, chifukwa ndi iye anationetsa kuti chibakera ndi gule zimachokera m'chiuno chimodzi.

Kwathu ku Sizinda tinali nazo kale zimenezi. Beni, gule yemwe anafika ku Nyasaland ndi asilikali obwerera kunkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndi perete wa asilikali woikidwa pang'oma: yunifomu, wezulo, mizere, kutembenuka pamodzi. Ayao a ku Mangochi ndi Machinga anabwera naye kuno, ndipo Loweruka ndi Lamlungu tinkamuonera pabwalo.

Zinthu zinayamba kusintha chuma chitayamba kuvuta. Kuyambira 1991, nthawi ya ndondomeko yosintha kayendetsedwe ka chuma yotchedwa ESAP, mafakitale anayamba kuchotsa anthu, ndipo pofika 2008 ndalama inali itasanduka mapepala. Aphunzitsi a karate ndi nkhonya, omwe ankaphunzitsa ulere akaweruka kuntchito, ambiri anatsikira ku Johannesburg. Sensei wathu anapita nawo. Nthawi yomweyo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makaseti a vidiyo a Billy Blanks wa ku America anafika ndi Tae Bo, masewera osakaniza zibakera, mateche ndi nyimbo, opangidwira kuchotsa mafuta m'thupi. Ophunzitsa omwe anatsala anaona kuti pamenepo ndi pomwe pali chakudya. Ofuna lamba wakuda ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo alibe ndalama. Ofuna kuchepetsa mimba ndi ambiri, ndipo amalipira pamwezi. Foni ndi sipika ya Bluetooth zitatchipa, nkhani inatheratu.

Zabwino zake ndaziona ndi maso anga ndipo sindingazibise. M'kalabu mwathu munalibe mtsikana ndi mmodzi yemwe. Lero m'mizere muja ochuluka ndi amayi, ena amsinkhu wanga, otumidwa ndi adokotala chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mlongo wanga, yemwe sanavalepo yunifomu yoyera ya karate, amadzuka kusanache kupita kukaponya zibakera ndi anzake a mumvano, ndipo miyendo inasiya kumutupa. Nyimbo imachotsa manyazi. Munthu wonenepa yemwe akanaopa kuti holo yonse imva kupuma kwake amabisala m'phokosomo mpaka atalimba. Imanyamulanso wotopa: pomwe ukanasiya, umapitiriza chifukwa nyimbo sinathe. Amene amanyoza zimenezi kuti ndi zovina chabe sanaonepo mayi wa zaka 60 akubwerera kunyumba nkhope ili ngwee.

Nkhawa yanga ili pa ana amene akufuna kuphunzira kumenyana kwenikweni, oti akapikisane, amene amva za Samson Muripo yemwe anapambana mpikisano wadziko lonse wa karate ya Kyokushin ku Osaka mu 2009, kapena anaonera karate pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021. Ambiri mwa iwo akuphunzira sipika ikulira kuyambira tsiku loyamba, ndipo thupi limasunga zimene lazolowera. Mwana woteroyo amaponya chibakera pomwe nyimbo yagunda, amabweza pomwe yagundanso. Akakumana ndi mnzake wochenjera, amawerengedwa m'kanthawi kochepa, chifukwa luso lonse la kumenyana lagona pa kulowa pamene mnzako sakuyembekezera, pakati pa kupuma kwake. Ndipo popeza phokoso laphimba zonse, mphunzitsi samva mwana amene akusunga mpweya m'chifuwa poponya, vuto lomwe Sensei ankaligwira ali kumbuyo kwa holo.

Kumene anthu amamenyanadi ndi nyimbo, oimba amakhala pomwepo, maso ali pa omenyanawo. Ku Thailand, pa nkhonya za Muay Thai, oimba chitoliro ndi ng'oma amafulumiza ndewu ikatentha. Ku Brazil, pa capoeira ya zidzukulu za akapolo ochokera kuno ku Africa, woimba chida chotchedwa berimbau ndi amene amalamula kuti masewera ayende modekha kapena mothamanga, ndiponso amawaimitsa akaona kuti afika poipa. Ife Achewa sitifunika kupita kutali. Aliyense woonera gule wamkulu amadziwa kuti woimba ng'oma ya mbalule sayang'ana kumwamba: amayang'ana mapazi a chilombo. Chikapalasa fumbi, mbalule imayankha, chikaima, imadikira, chikatopa, iye amadziwa ndipo amachitulutsa m'bwalo mwaulemu. Sipika ilibe maso. Imagunda chimodzimodzi kwa wamphamvu ndi kwa amene bondo lamuthyokera.

Mdzukulu wanga wamkazi amaphunzira karate ku kalabu ina kuno kumakomboni. Tsiku lina anabwera akudandaula: "Agogo, pophunzira ndimachita bwino, koma ndikaima ndi munthu miyendo siidziwa poyambira." Ndinakacheza ndi mphunzitsi wake, mnyamata waulemu yemwe anandiuza mosabisa kuti akazimitsa nyimbo ana amachepa. Tinagwirizana kuyesa njira ina Loweruka. Ng'oma za gule sitingazitulutse pa zinthu ngati zimenezi, zili ndi mwambo wake, choncho ndinapita kwa mkulu wina wa beni yemwe ankagwira ntchito ndi bambo anga.

"Atsibweni, mungatiimbire anawa akamachita kata?"

"Bola ndikhale poti ndiziwaona mapazi," anatero.

Anakhala pakona, ng'oma ili pakati pa miyendo. Poyamba anawa anasokonezeka, chifukwa ankadikira ng'oma pamene ng'omayo inkadikira iwo. Mkuluyo sanawathandize. Mwana akazengereza, iye ankasiya dzanja lili m'mwamba mpaka mwanayo ataponda yekha, ndipo chibakera chikatuluka chofooka, ng'oma inkayankhanso mofooka, holo yonse n'kumva. Patapita masabata, mphunzitsi uja anayamba kuwaika awiriawiri, ng'oma ikutsata amene walowa bwino. Pakati pa sabata sipika imaliranso monga kale, chifukwa lendi ya holo imachokera kwa amayi a m'mawa aja. Mkuluyo tsopano manja akumuvuta nyengo yozizira, ndipo gulu lake la beni latsala ndi anthu ochepa. Mwa ana a karate aja, mnyamata mmodzi wayamba kutsalira ena akamapita, kuti aphunzire kukunga chikopa pamoto ndi kuimba.